Kasipika ka m'manja ndi foni ya m'thumba

Foni inapangidwa kuti izitumikira munthu mmodzi. Galasi lake ndi la maso awiri, mawu ake ndi a khutu limodzi, ndipo ngakhale mutakweza voliyumu mpaka pothera, anthu anayi okhala pa mphasa imodzi amachita kugundanitsa mitu kuti amve. Chonsecho kuno kwathu zambiri zimene zimafika pa foni si za munthu mmodzi. Uthenga wa mawu wochokera kwa achimwene amene ali ku Johannesburg ndi wa banja lonse. Ulaliki umene wina watumiza pa WhatsApp, agogo nawonso akufuna aumve. N'chifukwa chake timasipika ta Bluetooth topanda nthambo, tokwana m'dzanja limodzi, tafalikira chonchi. Tili pa okala, pa chiwongolero cha njinga ya kabaza, pa khonde la telala, pamene amayi a banki mkhonde akusonkha ndalama, ngakhale kudimba.

Ine kufunika kwake ndinakuonera ku kwaya. A kwayamasitala athu amajambula mawu a chigawo chilichonse pachokha, sopurano, aluto, tenala ndi besi, n'kutumiza pa gulu lathu la WhatsApp kuti aliyense aziyeserera kunyumba. A sopurano sadandaula, mawu awo amamveka bwino pa foni iliyonse. Ife a besi ndiye timavutika, pakuti chigawo chathu chimasanduka kung'ung'udza kopanda mutu. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Mawu ndi mpweya umene ukugwedezeka. Mawu okwera amagwedeza mpweya mofulumira, ndipo kachipangizo kakang'ono kangathe kuwatulutsa. Mawu akuya a mwamuna woimba besi amatsika mpaka kugwedeza mpweya ka 80 kapena ka 100 pa sekondi, ndipo kuti mawu otero amveke pamafunika kukankha mpweya wochuluka nthawi imodzi. Sipika ya m'kati mwa foni n'njochepa zedi, ntchito imeneyo siingaithe. Kasipika ka m'manja kali ndi chikopa chokulirapo, chija chimene chimagwedezeka n'kukankha mpweya, ndipo tambiri tili ndi chikopa chachiwiri chopanda waya, chimene chimangogwedezeka ndi mpweya wa m'kati mwa kabokosiko n'kuonjezera mawu akuya. Mukakaika pa benchi yathabwa pafupi ndi khoma, makamaka pakona, mawu akuyawo amakula ndithu, chifukwa khoma limawabweza. Tikamvera chigawo chathu motero timamva bwinobwino pamene nyimbo ikutsika ndi pamene ikukwera.

Koma pali chinthu chimodzi chimene chimandikhudza, ndipo n'chimene chandilembetsa nkhaniyi. M'nyumba zambiri kasipika kalipo, koma wodziwa kukalumikiza ndi mmodzi yekha, kawirikawiri mnyamata kapena mtsikana wa kusekondale. Iye akapita kusukulu kapena kumpira, kasipika kamangokhala duu pa tebulo. Akuluakulu amakaopa. Amati angaononge, kapena angamalize mayunitsi a mufoni. Motero munthu amene anagula kasipikako ndi ndalama zake za fodya kapena za geni amachita kudikira mwana kuti amve uthenga wa mlongo wake. Izi siziyenera kutero. Ntchitoyi si yovuta, ndipo munthu akamvetsa zimene zikuchitika pakati pa zipangizo ziwirizi, sadzadikiranso aliyense.

Yambani ndi kasipika. Katchajeni kaye, chifukwa batire ikakhala pansi zinthu zambiri zimasokonekera. Mukakayatsa, kanyali kake kamayamba kuphethira mofulumira, nthawi zambiri ka buluu kapena kosinthasintha buluu ndi kufiira, ndipo tina timalankhula m'Chingerezi kuti takonzeka. Kuphethira kofulumirako kumatanthauza kuti kasipika kakulengeza dzina lake kwa foni iliyonse imene ili pafupi. Ngati sikakuphethira choncho, dinani batani lokhala ndi chizindikiro cha Bluetooth n'kuligwira kwa masekondi angapo. Pa timasipika topanda batani limenelo, ntchitoyi nthawi zambiri imagwiridwa ndi batani loyatsira kapena la Play. Kenako tengani foni, lowani mu Settings, pezani Bluetooth. Pa mafoni ena ili m'kati mwa Connections kapena Connected devices. Iyatseni, ndipo ngati foni siyamba yokha kufufuza, dinani Pair new device. Pakapita kanthawi mayina a zipangizo zapafupi amatuluka pa mndandanda. Dzina la kasipika kanu kawirikawiri ndi lomwe lija lalembedwa pa katoni yake kapena kunsi kwake, nthawi zina zilembo ndi manambala chabe. Mukalidina, kasipika kamalira kamodzi, kanyali n'kusiya kuphethira mofulumira. Basi, mwamaliza. Foni ikafunsa nambala yachinsinsi, zimene zimachitika ndi zipangizo zakale, yesani 0000 kapena 1234. Kuyambira mu 2007, pamene Bluetooth 2.1 inatuluka, zipangizo zambiri sizifunsanso nambalayi.

Zimene mwachitazi zimachitika kamodzi kokha, ndipo apa ndi pamene ambiri amasakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Kudziwana ndi kwina, kulumikizana ndi kwina. Mlendo akafika pakhomo koyamba amafunsidwa dzina, kwawo ndi mfunda wake, koma akadzabweranso amangoti odi n'kulowa. Foni ndi kasipika zikakumana koyamba zimapangana nambala yaitali yachinsinsi imene zonse ziwiri zimasunga. Mawa lake simufunikanso kufufuza. Mukangoyatsa kasipika pamene Bluetooth ya foni ili yoyaka, zimazindikirana zokha ndi nambala ija n'kulumikizana. Zikachedwa, mungodina dzina lake pa mndandanda wa zipangizo zosungidwa.

Kukumbukira kumeneku n'kwabwino, komanso n'kumene kumabweretsa vuto lofala kuposa onse. Timasipika tambiri timamvera foni imodzi pa nthawi, ndipo tikayaka timayamba kufunafuna foni imene tinalumikizana nayo komaliza. Tikaipeza timaigwira, ndipo timasiya kudzilengeza kwa ena onse. Ku kwaya zimenezi zimachitika pafupipafupi. Wina akufuna kuimba nyimbo ya pa foni yake, wafufuza kangapo, kasipika sikakuoneka, ndipo anthu ayamba kunena kuti kafa. Chonsecho kali moyo, kangolumikizana ndi foni ya mayi wina wa aluto imene ili m'chikwama, chifukwa ndi iwo anakagwiritsa ntchito Lachitatu lapitalo. Chizindikiro chake n'chakuti kanyali kayaka mokhazikika kapena kakuphethira pang'onopang'ono. Mankhwala ake ndi kupempha onse amene anakagwiritsapo ntchito kuti athimitse Bluetooth pa mafoni awo, kapena kugwira batani la Bluetooth pa kasipikako mpaka kayambirenso kuphethira mofulumira. Munthu akadziwa ichi chokha, theka la mavuto a kasipika latha.

Nthawi zina zimachitikanso kuti foni ikukumbukira kasipika koma kasipika kanaiwala foniyo, mwina chifukwa kalumikizidwa ku mafoni ambiri mpaka akale afufutika. Pamenepo dzina limaoneka, mumalidina, foni imayesa n'kulephera. Musalimbane nazo. Dinani kachizindikiro kali pambali pa dzinalo, sankhani Forget kapena Unpair, ndipo muyambirenso ngati koyamba. Chinanso chofunika kuyang'ana ndi batani la Mode, lolembedwa M pa timasipika tambiri totsika mtengo. Timasipika timeneti tili ndi makomo angapo: Bluetooth, memori khadi, fulashi, wailesi ya FM ndi nthambo ya AUX, yotenga mawu kuchokera m'foni kupita ku kasipika. Timatsegula khomo limodzi pa nthawi. Wina akalowetsa memori khadi, kasipika kamasiya Bluetooth kokha n'kuyamba kuimba za pa khadi, ndipo foni siingakapeze mpaka mutadina M kubwerera ku Bluetooth. Ponena za FM, ngati wailesi ikungochita phokoso, lowetsani nthambo yotchajira kapena ya AUX n'kuisiya ikulendewera, pakuti pa timasipika tambiri nthamboyo ndiyo imakhala eriyo.

Amayi anga kumudzi ku Ntcheu ali ndi foni imene mlongo wanga anawagulira, ndi kasola kakang'ono kotchajira. Pamene ndinawapititsira kasipika, funso lawo loyamba silinali la mabatani. Anati, "Nanga iwe, kameneka kakamalira, mayunitsi anga sakutha?" Funso limeneli ndalimvanso kwa anthu ambiri, ndipo yankho lake liyenera kumveka poyera. Bluetooth siidya mayunitsi, siidya bandulo, ndipo siidutsa ku TNM kapena ku Airtel. Ndi foni ndi kasipika zokhazokha zikulankhulana pa mafunde a wailesi ofooka. Chimene chimadya bandulo ndi kumene nyimboyo ikuchokera. Mukamaonera YouTube kapena Facebook, bandulo ikupita, kaya mukumvera pa kasipika kaya ayi. Koma nyimbo imene ili kale m'foni, kapena uthenga wa mawu umene munautsegula kale dzulo, mungaumvere tsiku lonse osalipira kalikonse. Ndinawaonetsa poika foni pa Airplane mode, kuti netiweki ichokeretu, n'kuyatsanso Bluetooth yokha. Nyimbo inapitirira kulira. "Amayi, mwaona? Ngakhale kumunda kuja kosagwira netiweki kagwira ntchito." Kenako ndinasintha dzina la kasipikako m'foni mwawo, pakuti mafoni ambiri a Android amalola kutero, ndipo m'malo mwa zilembo ndi manambala tsopano pamalembedwa kuti Sipika ya Amayi. Pa batani loyatsira ndinadontheza utoto wofiira. Zimene akufunika kukumbukira ndi ziwiri basi: kudina pofiira, ndi kukoka galasi la foni kuchokera pamwamba kuti aone ngati chizindikiro cha Bluetooth chayaka.

Ambiri a ife Bluetooth tinaidziwira pa kutumizirana nyimbo ndi zithunzi pa mafoni a mabatani, kugundanitsa mafoni awiri n'kudikira kuti nyimbo imodzi iwoloke. Chiyambi chake ndi ku Sweden, mumzinda wa Lund, kumene kampani ya Ericsson inayamba kufufuza mu 1994 njira yolumikizira foni ndi zipangizo zina popanda nthambo. Katswiri amene anatsogolera mbali yaikulu ya ntchitoyi ndi Jaap Haartsen wa ku Netherlands. Mu 1998 Ericsson, Nokia, Intel, IBM ndi Toshiba anagwirizana kuti njirayi ikhale imodzi kwa onse, ndipo mgwirizano umenewo ndi umene umachititsa kuti lero foni ya Tecno kapena itel imvane ndi kasipika ka kampani ina iliyonse. Chimene chimandigometsa ine ndi mmene mawuwo amayendera. Bluetooth imagwiritsa ntchito mafunde a 2.4 GHz, amene anagawidwa m'tinjira 79. Foni ndi kasipika sizikhala pa kanjira kamodzi. Zimadumpha kuchoka pa kena kupita pa kena mpaka ka 1,600 pa sekondi imodzi, motsatira ndondomeko imene ziwirizo zikudziwa. N'chifukwa chake mumsika wa ku Limbe kapena wa ku Lilongwe timasipika tambirimbiri tingalire moyandikana, koma nyimbo ya wogulitsa kaunjika siilowa m'kasipika ka wogulitsa tomato. Foni iliyonse ndi kasipika kake zikudumpha m'njira yawoyawo, ndipo zikagundana ndi zina pa kanjira kamodzi, kachidutswa kotayikako kamatumizidwanso khutu lisanazindikire.

Mphamvu ya mafundewa n'njochepa dala, kuti isamalize batire. Zipangizo zambiri za m'manja zinapangidwira mtunda wa mamita pafupifupi 10 pamalo poyera. Khoma la njerwa limadula mtundawo, malata amaudula koposa, ndipo thupi la munthu nalonso limameza mafundewa chifukwa ndi lodzaza madzi. Ichi ambiri sachiganizira. Munthu waika foni m'thumba lakumbuyo, watembenuka, kapena walowa pakati pa chigulu cha anthu, nyimbo n'kuyamba kudukaduka, iye n'kumanena kuti kasipika n'kabodza. Ingotulutsani foniyo muiike pa tebulo pamene ikuonana ndi kasipika. Wi-Fi ndi hotspot nazonso zimagwiritsa ntchito mafunde omwewo a 2.4 GHz, choncho ngati foni yanu ikugawira anzanu intaneti kwinaku ikuimba nyimbo, kudukaduka kungachuluke.

Ngati zalumikizana koma mawu sakutuluka, kapena akutuluka pang'ono, kumbukirani kuti mavoliyumu alipo awiri, wa foni ndi wa kasipika. Pa zipangizo zina amayendera limodzi, pa zina ayi. Onaninso m'kati mwa dzina la kasipika mu Settings ngati Media audio yayatsidwa. Ndipo musakweze onse awiri mpaka pothera. Mawu akayamba kusweka ndi kunjenjemera, ndiye kuti kachikopa kaja kakukakamizidwa kupitirira mphamvu yake, ndipo sikachedwa kutha.

Tsopano ndifike pa mbali imene ndimaiona kuti n'njofunika kuposa mabatani onse. Foni ikalumikizana ndi kasipika, siisankha mawu oti atuluke poyera ndi oti akhale achinsinsi. Zonse zimapita ku kasipika. Uthenga wa mawu wa pa WhatsApp, kanema amene wina watumiza, kulira kwa mauthenga olowa, zonse. Ndipo popeza zimalumikizana zokha, mwini foni angakhale sakudziwa n'komwe kuti zalumikizana. Ndinaonapo bambo wina atatuluka panja pa nthawi yoyeserera nyimbo kuti amvere uthenga wa kwawo. Anauika kukhutu, sanamve kanthu, anakweza voliyumu, anaubwereza. M'kati mwa tchalitchi tonse tinamva mawu a mlongo wawo akufotokoza za matenda a m'banja mwawo, nkhani imene sinali yathu. Wina anathamanga n'kuthimitsa kasipika, koma zinali zitamveka kale. Palibe amene anaseka, ndipo palibe amene anaitchulanso, koma bamboyo anakhala wosamasuka masabata angapo. Kuyambira pamenepo tinagwirizana kuti amene wamaliza kuimba nyimbo yake azithimitsa Bluetooth asanabweze foni m'thumba, ndipo kasipika ka kwaya kazikhala kozima pamene sitikukagwiritsa ntchito.

Timasipika tina tili ndi maikolofoni, kotero kuti foni ikaitana, kukambirana konse kumatulukira pa kasipika, ndipo woimba foniyo sadziwa kuti akumvedwa ndi chipinda chonse. Pamene banja lonse likufuna kulankhula ndi mwana amene ali ku Cape Town kapena ku Leeds, zimenezi n'zokoma kwambiri, agogo amamva bwino osagwira foni kukhutu. Koma ulemu ndi kumuuza munthuyo poyamba penipeni kuti, "Achimwene, muli pa sipika, tonse tikumva." Ngati simukufuna kuti mafoni olowa azipita ku kasipika, lowani pa dzina lake mu Settings n'kuthimitsa Calls kapena Call audio, kusiya Media audio yokha. Pali mbali inanso. Popeza timasipika tambiri sitifunsa nambala yachinsinsi, kasipika kakakhala koyaka popanda foni yolumikizana nako, aliyense amene ali pafupi angakapeze n'kuyamba kuimba zake. Pa msonkhano, pa mapemphero kapena pa maliro, zimenezi zingabweretse manyazi aakulu. Konzani foni yanu kaye, Bluetooth iyake, nyimbo ikhale yosankhidwa kale, kenako muyatse kasipika kuti foni yanu ikhale yoyamba kukagwira.

Pali ntchito imodzi imene Bluetooth siikwanitsa bwino. Mawu asanachoke m'foni amapanikizidwa kuti achepe, amatumizidwa m'tizidutswa, kasipika kamatisonkhanitsa n'kutimasula. Zonsezi zimatenga kanthawi, kawirikawiri gawo limodzi mwa magawo khumi kapena asanu a sekondi. Pomvera nyimbo simungazindikire. Poonera kanema, mapulogalamu ambiri amachedwetsa chithunzi pang'ono kuti milomo igwirizane ndi mawu. Koma mukafuna kuimba kiyibodi ya pa foni kuti mupereke kiyi kwa oimba, mudzaona kuti chala chikudina, mawu akubwera pambuyo, ndipo kugunda kwa nyimbo kumasokonekera. Apa nthambo ya AUX, ija ya mutu wa mamilimita 3.5, ndiyo yankho, chifukwa mawu amadutsa nthawi yomweyo. Apple inachotsa kabowo ka nthamboyi pa iPhone 7 mu 2016 ndipo makampani ena ambiri anatsatira pa mafoni awo okwera mtengo, koma mafoni ambiri amene tili nawo kuno akadali nako. Nthambo imeneyi n'njotsika mtengo, ndipo ndi bwino kuisunga m'chikwama limodzi ndi kasipika. Imathandizanso pa mafoni ena a mabatani amene Bluetooth yake imatha kutumiza mafayilo koma siitha kutumiza nyimbo ku sipika.

Za manambala olembedwa pa katoni, Bluetooth 4.2, 5.0, 5.3, musataye nazo tulo. Zatsopano zimamvana ndi zakale. Chimodzimodzi mayina monga SBC, AAC, aptX ndi LDAC, amene ndi njira zosiyanasiyana zopanikizira mawu. SBC ili pa chipangizo chilichonse choimba nyimbo pa Bluetooth, ndipo pa kasipika kokwana m'dzanja kusiyana kwa njirazi khutu silingakutole kwenikweni. Chimene chimaononga mawu kwambiri ndi nyimbo yokhayo ngati inajambulidwa moipa, mwachitsanzo ndi foni yoikidwa patali m'chipinda cha phokoso n'kutumizidwa ngati uthenga wa mawu. Kasipika kamangokuza zimene kapatsidwa, zabwino ndi zoipa zomwe.

Batire ndi moyo wa kasipika, ndipo ndi imene imayamba kufa. Ndi ya mtundu wa lithium, ngati ya foni, ndipo mdani wake wamkulu ndi kutentha. Kasipika kosiyidwa padzuwa la mu Okutobala, pa khonde kapena kutsogolo kwa galimoto, kamataya mphamvu yosunga moto msanga. Chimodzimodzi kokhala miyezi kali kotheratu moto. Ngati mukutchajira pa sola, panelo ikhale padzuwa koma kasipika kakhale pamthunzi. Tambiri timatchajidwa ndi mavoti 5, monga chaja wamba wa foni amaperekera. Kabowo kotchajira, makamaka ka micro-USB kamene nthambo imalowa mbali imodzi yokha, n'kosalimba, ndipo timasipika tambiri timene ndaona titatayidwa tinangothyoka pamenepo chifukwa cha kukakamiza nthambo chozondoka kapena kukakoka kali pa chaja. Amisiri okonza mafoni amatha kusintha kabowoko, choncho musafulumire kutaya. Koma mukaona kabokosi katufuma kapena kakutentha modabwitsa potchaja, kasiyeni, musakatchajenso, ndipo musakaponye pamoto wa zinyalala, chifukwa batire yotero imatha kuphulika. Maola amene amalembedwa pa katoni amayesedwa pa voliyumu yapakatikati. Mukakweza kwambiri, ndi kuyatsa tinyali tamitundumitundu timene tina tili nato, maolawo amachepa kwambiri. Masiku amene magetsi akuthimathima, kutsitsa voliyumu pang'ono ndi kuthimitsa tinyalito kumakufikitsani madzulo.

Za madzi ndi fumbi, yang'anani zilembo za IP. IPX5 imatanthauza kuti kangapirire madzi othiridwa, monga mvula. IPX7 imatanthauza kuti kangamire m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Chilembo X chimasonyeza kuti za fumbi sizinayesedwe, pamene IP67 imaphatikiza zonse ziwiri, fumbi ndi madzi. Kwa munthu wa kabaza kapena wogulitsa m'mbali mwa msewu m'chilimwe, fumbi ndi vuto lalikulu kuposa madzi. Ndipo zonsezi zimagwira ntchito pokhapokha kachivindikiro ka mphira kotseka mabowo katsekedwa bwino.

Pogula, musadalire katoni. M'misika yathu muli timasipika tambiri tolembedwa mayina a makampani otchuka monga JBL koma tosachokera kumeneko, ndipo manambala akuluakulu a mawati olembedwa kunja nthawi zambiri sagwirizana ndi kakulidwe ka kabokosiko. Sindikunena kuti kotsika mtengo konse n'koipa. Ka amayi anga si ka dzina lotchuka, koma kakugwira ntchito yake. Chofunika ndi kudziwa chimene mukugula ndi kulipira mtengo woyenera chinthucho. Pitani ndi foni yanu, osati kumvera pa foni ya wogulitsa. Khalani ndi nyimbo imodzi imene mumaidziwa bwino, yokhala ndi mawu akuya, ndi uthenga umodzi wa munthu akulankhula, pakuti kasipika kena kamagunda bwino koma mawu a munthu samveka. Kanyamuleni m'manja, popeza kopepuka kwambiri kawirikawiri kali ndi maginito aang'ono ndi batire yaing'ono. Kwezani voliyumu mumve pamene mawu ayambira kusweka. Yendani ndi foni masitepe khumi muone ngati nyimbo ikuduka. Lowetsani nthambo yotchajira muone ngati kanyali kakuyaka ndiponso ngati nthamboyo siikugwedera. Ngati wogulitsa akukuuzani kuti mungalumikize tiwiri kuti tiziimba limodzi, n'zoona pa timene tili ndi TWS, koma kawirikawiri tiyenera kukhala ta mtundu umodzi, choncho yesani pomwepo.

Pomaliza kathimitseni, dikirani pang'ono, kayatseninso, osakhudza foni. Kasipika kabwino kamaipeza foni kokha pa masekondi ochepa. Kakalephera, kapena kakafuna kuti mulowenso mu Settings nthawi iliyonse, kasiyeni pomwepo ngakhale mawu ake atakoma bwanji, makamaka ngati mukugulira amayi, abambo kapena agogo amene adzakhale nako okha inu mutabwerera kutauni.